Pakhomo Pali Wokana Nsomba: Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi ku Dzaleka

WOULUTSA:  Nthawi ya mafunso ndi mayankho yakwana muno m'kampu ya Dzaleka. Sabata yatha tinakamba za ubwino wa nsomba pa chakudya cha pabanja. Makalata ndi mauthenga a pa foni abwera ambiri, ndipo dandaulo lake likufanana: tamva kuti nsomba ndi yabwino, koma pakhomo pano pali wina amene saifuna. Amayi athu alangizi a za kadyedwe afika kale. Amayi, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo achimwene. Kunjaku mphepo ya Dowa yayamba kale kuluma, ndiye tiyeni tilowe msanga kukhitchini.

WOULUTSA: Kalata yoyamba ikuti: "Ine ndine mayi wa ana awiri. Kwathu ndi ku Senga Bay, koma ndinakwatiwa ku Mvera. Bambo a kunyumba nsomba safuna n'kuiona komwe. Akuti imanunkha, ndiponso agogo awo sankadya. Ndikaphika usipa amakadya kwa amayi awo. Ine nyemba za tsiku ndi tsiku zandikola. Nditani?"

MLANGIZI: Amayi, choyamba chotsani mumtima maganizo oti bambowo akunyoza kuphika kwanu. Ku Mvera kumene mwakwatiwako ndi dera la Angoni a kwa Chiwere, amene anakhazikika m'mapiri a Dowa m'zaka za m'ma 1800. Makolo awo, kuchokera kumwera kuja, anali anthu a ng'ombe. Ndiwo yawo inali nyama, mkaka, uwende. Nsomba ankaiika gulu limodzi ndi njoka, osaigwira. Lero mwambowo unazilala, Angoni ambiri chambo amatsopa mpaka mutu, koma alipo makomo amene mphika wa nsomba sunatelekedwepo. Mwana wokulira pakhomo lotero mphuno yake siinazolowere. Inu fungo la usipa limakukumbutsani kwanu ku nyanja, iwo limawauza kuti china chake chawonongeka.

Ndiye kulakwitsa kwakukulu n'kuyamba ndi usipa wouma. Pa nsomba zonse, umenewo ndiwo wa fungo lamphamvu, chifukwa kansombako kali ndi mafuta, ndipo mafutawo akakhala padzuwa, kenako m'thumba, ulendo wonse wochokera ku Salima, amayamba kusasa. Munthu wosazolowera amamva kusasako asanalowe n'komwe m'nyumba.

Yambani ndi nsomba yaiwisi ya mnofu woyera. Ine ndimakonda kampango, poti ali ndi fupa limodzi lapakati, minga ing'onoing'ono mulibe kwenikweni. Inu a ku Senga Bay kusankha mukudziwa, koma ndinenere ena: maso akhale owala, osalowa m'kati, mukakanula pambali pa mutu m'katimo mukhale mofiira, mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Chotsani mutu ndi khungu, dulani nthuli zooneka ngati za nyama. Finyirani mandimu, thirani mchere, adyo wosinja ndi jinja pang'ono, zikhale theka la ola. Kenako pukutani madziwo, ikani pa waya, muotche pa makala, panja, osati m'nyumba. Mandimuwo ali ndi ntchito yake: kuwawasa kwake kumagwira zinthu zonunkhazo kuti zisauluke kupita kumphuno. Pambali pake duladulani tomato, anyezi ndi katsabola, zosaphika, monga anzathu a m'kampu muno amachitira akaotcha mbuzi. Msuzi wa nsomba ayi, mutu m'mbale ayi. Bambo wokulira pa nyama yootcha akaona zimenezo, maso ake amazizindikira.

Nyemba zawo zija muphikebe. Kanthuli kamodzi kokha muike pambali, muwauze kuti bambo, iyi ndi nsomba, talawani. Akakana, idyani nokha ndi ana, osakwiya, osalalikira. Mudzabwerezanso tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso, mphika wa nsomba ukhale wakewake, makamaka ngati ndi wadothi, poti dothi limamwa fungo. Pali amuna ambiri amene anadana ndi nsomba chifukwa choimva m'nkhwani ndi m'tiyi.

WOULUTSA: Koma amayi, bwanji osangoinyenyanyenya n'kuwabisira mu ndiwo zina? Akadya akhuta, nkhani yatha.

MLANGIZI: Ayi achimwene, munthu wamkulu sitimupusitsa pa chakudya. Tsiku limene adzadziwe, adzayamba kununkhiza mbale iliyonse imene mkazi wake waika patsogolo pake, ndipo pamenepo mlandu sukhalanso wa nsomba. Kusakaniza ndi masamba kapena mbatatesi kuti fungo lichepe, zimenezo n'zabwino, tizinena pompano. Koma mwini wake adziwe chimene akudya.

WOULUTSA: Nanga chambo? Ambiri akanati muyambe ndi chambo.

MLANGIZI: Amene angakwanitse ayambe nacho, n'chofatsa pakamwa. Koma tinene zoona, chambo chinasanduka cha mabwana. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka. Anthu tinachuluka, chambo m'nyanja chinachepa, ndipo lero nsomba imene asodzi amakola yochuluka kuposa zonse ndi usipa. Kaya tifune kaya tisafune, nkhondo yeniyeni ili pa usipa. Ndikhulupirira kuti makalata ake muli nawo.

WOULUTSA: Ndili nayo pano, yalembedwa m'Chiswahili, ndiiwerenga m'Chichewa. "Ndine mayi wochokera ku Uvira, ku Congo. Ndinakulira pa ndakala ndi mukeke za m'nyanja ya Tanganyika. Ana anga anabadwira muno. Nsomba imene ndingakwanitse kugula pa msika wa Lachiwiri ndi usipa basi, koma anawo amalavula. Akuti ukuwawa, ndiponso umalumitsa mchenga. Inenso, kunena zoona, ndimangodya poti ndilibe pogwira."

MLANGIZI: Mama, zikomo polemba. Kampu ino inatsegulidwa mu 1994, kutanthauza kuti alipo anthu obadwira muno amene lero ali ndi ana awoawo, ndipo Tanganyika sanamuonepo. Nyanja yawo ndi ya Malawi, nsomba yawo ndi usipa. Ndiye tiyenera kuudziwa bwino, poti ngakhale ukufanana ndi ndakala pa msinkhu, ndi nsomba ina, kaphikidwe kakenso kamasiyana.

Ana anuwo sakunama. Atchula zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi pochokera.

Mchenga umachokera pa gombe. Usipa wina amauyanika pa thandala, pamwamba, wina amangouwaza pansi. Pogula tengani kamodzi, kapukuseni pakati pa zala, mchenga mukaumva pitirirani. Yang'anani mtundu: usipa wabwino umanyezimira ngati siliva, umene wayamba chikasu kapena kufiirira ndi wokhalitsa, mafuta ake asasa, ngakhale muuphike mwaluso chotani suzakoma. Ukamafumbutuka pansi pa mulu pali ufa, mwalowa tizilombo. Ndipo ukamveka fungo la mankhwala, usiyeni, chifukwa alipo ogulitsa ena amene amathira mankhwala ophera tizilombo kuti katundu asawonongeke. Ngati ndalama ilipo, funsani usipa wofutsa, umene amauviika m'madzi owira a mchere asanauyanike. Umadulirapo, koma ndi wofewa, ndipo ana ambiri amayambira pamenepo. Nyengo ya mvula ndiyo yovuta kwambiri, poti usipa suuma bwino, umafika kuno utayamba kale kununkha. Amene mukufuna kukopa munthu, musayambe mu Januwale.

Kuwawa kumachokera m'mimba, m'matumbo ndi ndulu. Khalani pansi ndi lichero, muthyole kamutu n'kukoka, kamimba kakudako kamatuluka limodzi. Ndi ntchito yotopetsa, ipatseni ana omwewo, akamagwira okha amayamba kuchita nayo chidwi. Mukatha, viikani m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa. Apa mvetsetsani: musakhuthule madzi nsomba zili momwemo, chifukwa mchenga umatsalira pa nsombazo. Vuulani nsomba ndi manja kuika m'mbale ina, mchenga utsale pansi pa beseni. Chitani choncho kawiri.

Tsono musathamangire kuthira madzi ndi tomato. Ikani usipawo pa chiwaya chopanda mafuta, moto wochepa, muzitakasa mpaka uume gwa n'kuyamba kununkhira ngati mtedza wokazinga. Pamenepo ndiye thirani timafuta, anyezi, kenako tomato wakupsa bwino, mpaka msuzi ugwirane. Usipa wongobwatitsa m'madzi ambiri, woterera, woyandama, ndi umene unathamangitsa ana ambiri m'dziko muno.

Njira ina ndi yathu ya kuno ku Dowa, kwa alimi a mtedza: kutendera. Usipa wokazinga uja, tomato, kenako nsinjiro zosungunula m'timadzi, moto wa pansipansi, osasiya kutakasa kuti zisapserere. Nsinjiro zimaphimba kakuwawa kotsalako.

Ndinene chilungamo pa nkhani ya mitu. M'kamutu ndi m'timafupa ndi mmene muli zambiri zomanga mafupa ndi magazi a mwana. Tikuchotsa mituyo pongofuna kuti ayambe kudya. Akazolowera, muzichotsa mimba yokha, mutu uzitsala.

WOULUTSA: Amayi, mwawaphunzitsa za kuno. Nanga iwo alibe zawo?

MLANGIZI: Ndi kumene ndikupita. Mama, mankhwala ena muli nawo kale m'nyumba mwanu, ndipo ndikufuna Amalawi amene akumvera atole. Ife chigwada timangosinja, kuthira soda ndi nsinjiro, basi. Inu chigwada chomwecho mumachitcha sombe, ndipo mumamuphika nthawi yaitali, ndi anyezi, mabiringano, mafuta ofiira a mawese, kenako mumanyenyeramo nsomba yowamba. Nsombayo imasungunukira m'masamba, chotsala ndi kafungo ka utsi ndi kukoma. Ndinaona ndi maso anga pakhomo lina m'kampu muno, kamnyamata kamene amayi ake ankati sikadya nsomba kakupala poto wa sombe ndi chala. Gwiritsani mlamba wowamba kapena utaka wowamba, muuviike kaye m'madzi otentha, muchotse khungu lakuda ndi minga yonse. Masamba a chinangwa, paja, ayenera kusinjidwa ndi kuwira mokwanira, poto wosavundikira poyamba, kuti poizoni wake atuluke. Pamenepo palibe chidule.

Chachiwiri ndi liboke, nsomba yophikira m'masamba. Tengani tsamba la nthochi, liwambeni pamoto pang'ono kuti lifewe lisang'ambike. Ikani pakati nthuli za mlamba wauwisi, tomato, anyezi, tsabola, mchere, madzi a mandimu. Sonkhanitsani m'mbali, mangani ndi luzi, ikani pa makala ofatsa kapena pa waya, pafupifupi mphindi 40. Mafuta safunika, ndipo pa nthawi ino imene thandizo la chakudya la bungwe la WFP linachepa, botolo la mafuta tonse tikulidziwa mtengo wake. Komanso fungo silituluka. M'kampu muno, malo amene anakonzera anthu 10,000 kapena 12,000 lero muli anthu opitirira 50,000, khomo ndi khomo kuyang'anizana. Ukakazinga nsomba, mzere wonse umadziwa, ndipo wodana nayo amakhala wakhuta fungo chakudya chisanafike. Ya m'tsamba amaimva pokhapo pomasula, ndipo chimene chimayamba kumufika ndi tomato ndi tsamba lopserera.

Amayi a ku Mvera aja, ngati mukumverabe, Lachiwiri likubwerali bwerani ku msika kuno, mufunse mayi aliyense wa ku Congo akuonetseni kamangidwe kake. Sangakukanizeni.

WOULUTSA: Tipite ku Ntchisi. Bambo wina wa ku Malomo akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu anaimidwa munga wa utaka pakhosi chaka chatha. Tinamumezetsa mbamu ya nsima mpaka unatsika. Kuyambira pamenepo akangoona nsomba amalira. Mng'ono wake ali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndiye amayi ake akuopa kumuyambitsa."

MLANGIZI: Bambo, ndiyambe ndi mbamu ya nsimayo. Tonse tinakula tikuchita zimenezo, koma si zabwino. Nthawi zina munga umatsika, nthawi zina mbamuyo imaukhomerera m'kati mwa mmero, n'kupanga chilonda chimene simungachione. Mwana akhosomole. Ngati akumvabe kubaya pomeza, kapena malovu akungotuluka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati akubanika, musadikire n'komwe kuti kuche.

Mwana wanuyo sakudana ndi kukoma kwa nsomba. Akuopa. Ndiye mupatseni nsomba imene ilibe maonekedwe a nsomba. Kwanu ku Ntchisi mbatatesi si yosowa. Wiritsani, sendani, kanyani ikadali yotentha. Nsomba yophika, kaya mlamba kaya chambo, muinyenye ndi zala zanu, osati ndi supuni, poti chala ndicho chimamva munga. Bwerezani kawiri, pa mbale yoyera, pamalo powala. Makapu awiri a mbatatesi, kapu imodzi ya nsomba, dzira limodzi, masamba a anyezi odula bwino, mchere. Umbani tizitumbuwa tathyathyathya, gubuduzani mu ufa wa mgaiwa, kazingani m'mafuta ochepa mpaka tifiirire mbali zonse. Muitaneni aumbe nanu, aone yekha kuti mulibe chobaya. Zosakaniza zomwezo mungazikulunge mu samusa kapena m'chapati, zimene pano pa Dzaleka zili pa ngodya iliyonse.

Kwa wamng'onoyo njira ndi ufa wa usipa. Sankhani usipa woyera wouma padzuwa, osati wofutsa, chifukwa uli ndi mchere wambiri kwa khanda. Chotsani timimba, tsukani monga ndanenera, yanikani uume, kazingani pa chiwaya chouma, sinjani mu mtondo ndi mitu yomwe, sefani ndi sefa ya ufa. Zotsalira pa sefa sinjaninso. Kasupuni kakang'ono kamodzi m'phala la mgaiwa, pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba osinja, liwire bwino. Akazolowera onjezerani kachiwiri. Musasinje wambiri nthawi imodzi, wa sabata imodzi ndi wokwana, musunge m'botolo louma lotseka bwino.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ndipo zimenezi zikuchitika ngakhale m'maboma ngati athu ano, odzaza chimanga, soya ndi mtedza. Phala la ufa woyera ndi shuga limakhutitsa mwana, koma silimukulitsa. Kamulu kamodzi ka usipa, mukakasinja, kamakwanira phala la masiku angapo.

WOULUTSA: Uthenga wa pa foni, waufupi, wochokera kwa mnyamata wa pa Dowa Turn-off. "Ndikadya nsomba milomo imatupa, thupi limatuluka zidzolo zoyabwa. Anzanga akuti ndi mantha chabe, ndizidya pang'onopang'ono ndizolowera."

MLANGIZI: Achimwene anga, anzanuwo musawamvere. Zonse ndanena madzulo ano sizikukukhudzani. Inu thupi lanu limakana nsomba, ndipo matenda amenewo sazolowereka ndi kudya pang'onopang'ono pakhomo. Lero ndi milomo, tsiku lina kudzatupa kummero mpweya n'kutsekeka. Siyani nsomba yamtundu uliwonse, msuzi wake, ngakhale chipisi chokazingidwa m'mafuta amene akazingiramo nsomba. Pitani kuchipatala mukafotokoze, akulembereni m'buku lanu. Mukadzamva kubanika mutadya kanthu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo inu amayi ophika, ichi ndi chifukwa china chimene ndakanira zobisa nsomba mu ndiwo za munthu. Mwanayo akakana, mufunseni kaye chimene chimamuchitikira akadya.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Madisi. "Mkamwini wanga chambo amadya, usipa amadya, koma nditamuphikira mlamba wonona anangodya nsima ndi masamba. Akuti ndi wa Seventh Day. Kodi si mwano umenewu? Ndiphike bwanji kuti asauzindikire?"

MLANGIZI: Amayi, mwano palibe, ndipo musayese n'komwe. A Seventh Day amatsata lamulo la m'buku la Levitiko chaputala 11, limene limalola nsomba yokhala ndi mamba ndi zipsepse. Mlamba, bombe, ngakhale kampango amene ndamutamanda poyamba uja, zilibe mamba, choncho kwa iwo n'zoletsedwa. Chambo, utaka, usipa, mcheni, matemba, zonsezo muphikireni, m'poto amene simunaphikiremo mlamba. Mkamwini amene anakhala pansi n'kudya nsima yanu ndi masamba, osanyanyala, ameneyo ndi waulemu.

WOULUTSA: Zikundikumbutsa anzathu ena a ku Somalia m'kampu muno. Ukawaitanira nsomba amangoseka.

MLANGIZI: Eya, makamaka a m'mabanja oweta ngamila ndi mbuzi. Dziko lawo lili ndi gombe lalitali kuposa mayiko onse a mu Africa kupatula a pazilumba, chipembedzo chawo sichiletsa nsomba, koma oweta ziweto ambiri anakula osaidya, chimodzimodzi Angoni akale. Wotereyo akafuna yekha kulawa, yootcha ija kapena samusa ndiye poyambira. Akapanda kufuna, musiyeni. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa, nsomba ili m'gulu la zanyama pamodzi ndi mazira, mkaka, nkhuku, ngumbi, mbewa. Munthu angakhale wathanzi osadya nsomba. Chimene timaiumirira n'choti pa zonsezi, usipa ndiwo wotsika mtengo ndipo umapezeka chaka chonse.

WOULUTSA: Mayi woyembekezera wa ku Likuni, m'kampu muno: "Ndili ndi mimba ya miyezi iwiri. Kale nsomba ndinkaikonda, pano ndikangomva fungo ndimasanza. Kusikelo akuti ndizidya. Apongozi akuti mlamba ndisayandikire."

MLANGIZI: Zimenezo zimachitikira amayi ambiri, ndipo kawirikawiri zimachepa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Pakadali pano musaphike nokha. Wina aphikire panja inu muli kutali, ndipo mudye itazizirako, poti nthunzi ndiyo imanyamula fungo. Ufa wa usipa uja thirani kasupuni m'nkhwani kapena bonongwe wotendera, mufinyire ndimu. Idyani pang'ono pang'ono kangapo pa tsiku, m'mimba musakhale mopanda kanthu. Zikakanika, mazira ophika bwino, nyemba ndi mtedza zigwire ntchito mpaka mtima ukhazikike, ndipo mapiritsi a magazi a kusikelo musasiye. Mukamasanza chilichonse, ngakhale madzi, bwererani kuchipatala. Za mlambazo, wopsa bwino alibe vuto kwa inu kapena kwa mwana. Koma poti nsomba zilipo zambiri, sindikuona chifukwa chokanganirana ndi apongozi. Idyani usipa ndi utaka, mtendere ukhalepo.

WOULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono, koma iyi ndisaisiye. Mlimi wa ku Nambuma: "Ndinakumba damu la nsomba kudimba, ndikuweta makumba ndi chilunguni. Zakula bwino, koma akazi anga ndi ana akuti zikununkha matope, bola za kunyanja. Ogula enanso akutero."

MLANGIZI: Bambo, mwachita bwino kukumba damu, kuno kumtunda nsomba yaiwisi ya tsiku lomwelo ndi chinthu chosowa. Fungo la matopelo limachokera ku ndere ndi tizilombo tosaoneka ta m'madzi osayenda, limalowa m'mafuta ndi m'khungu la nsomba. Silipweteka munthu, koma limathawitsa. Yang'anani kaye damulo. Ngati madzi abiriwira mopitirira, pamwamba pali chithovu, mwachulutsa manyowa kapena madeya. Chepetsani, lowetsani madzi atsopano. Pokolola musaphe nsomba nthawi yomweyo. Zisungeni zamoyo masiku angapo m'madzi oyera, m'kadamu kena kapena mu dramu, mukusintha madziwo pafupipafupi, osazidyetsa. Fungo lambiri limatuluka lokha.

Kukhitchini, mukapala mamba ndi kutumbula, palani kachikopa kakuda ka m'mimba ndi magazi oundana amene amatsatira msana, mutsuke mpaka muyere. Chekani mizere m'mbali, pakani mandimu kapena viniga ndi mchere, zikhale theka la ola. Fungo la matope limagonja ku zowawasa, choncho pophika msuzi musaumire tomato, ndipo ngati muli ndi bwemba, viikani pang'ono muthire madzi ake. Zotsala ziwambeni pa utsi wa nkhuni zouma, osati za bulugamu kapena paini, poti zimasiya fungo lawo. Makumba owamba bwino, pa msika wa Mponela kapena kuno Lachiwiri, sachedwa pa tebulo.

WOULUTSA: Amayi, funso langa langa lomaliza. Manja ndi mbale, fungo lija likakakamira?

MLANGIZI: Yambani ndi madzi ozizira, osati otentha. Khoko la ndimu lija mwafinya musataye, tikitani nalo manja, mpeni ndi thabwa lodulira. Poto mukwecheni ndi phulusa, kenako sopo, mumuyanike padzuwa chopenama. Matumbo ndi mamba kwirirani nthawi yomweyo, zisagone pa dzala.

WOULUTSA:  Makalata a ku Chezi ndi ku Lumbadzi, ofunsa za kasungidwe ka nsomba zowamba, tidzayamba nawo sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi. Pitirizani kulemba m'Chichewa, m'Chiswahili, m'Chirundi kapena m'Chifalansa, tidzawerenga.